Kodi Tauni Ikakongola, Ikongolera Yani?

Zaka zingapo zapitazo ofesi yathu idandituma kukakhala nawo pa msonkhano wokambirana za kukonzanso pakati pa tauni ina m'dziko muno. Dzina la tauniyo ndilisunga, pakuti zimene ndidaona kumeneko zikhoza kuchitika kwina kulikonse. Tidasonkhana m'chipinda chozizira bwino cha hotela ina, aliyense botolo la madzi patsogolo pake. Pakhoma padapachikidwa mapu aakulu osonyeza momwe tauniyo idzaonekere ntchito ikadzatha: misewu yotakasuka, njira za anthu oyenda pansi, malo oimikapo galimoto, nyale za mumsewu ndi mitengo yondanda bwino. Kunena zoona mapuwo adali okongola, ndipo tonse tidaomba m'manja.

Koma ine maso anga adakodwa pa kachigawo kena kopakidwa utoto wobiriwira, kufupi ndi depoti ya mabasi. Katswiri amene ankalongosola adati malowo ndi opanda kanthu, choncho padzabzalidwa kapinga ndi maluwa. Malowo ndinkawadziwa. M'mawa wa tsiku lomwelo ndidadutsapo, ndipo ndidapeza amayi ambirimbiri atayala tomato, anyezi, usipa, nthochi ndi timapepala ta makala. Pa mapu padalibe ndi mmodzi yemwe. Sindidakweze mkono kuti ndifunse. Ndidasaina pepala la alawansi, n'kutuluka pamodzi ndi anzanga.

Madzulo ake ndidapatukira pamalo paja kukagula tomato. Ndidafunsa mayi wina wachikulire ngati adamvapo kuti malowo asintha. Iwo sadayankhe msanga. Adamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo, n'kutulutsa timapepala tambiri topindapinda. "Bambo, awa ndi matikiti a khonsolo," adatero. "Tsiku lililonse amabwera kudzatidulitsa. Potolera ndalama amationa. Nanga pojambula zimene mukunenazo sadatione bwanji?" Ndidasowa choyankha. Ndidalipira tomato wanga, iwo n'kundiikira basela, ine ulendo.

Funso la mayi aja ndilo ndikufuna tilingalire pamodzi m'chimangirizo chino. Palibe munthu wanzeru zake amene angakane kuti matauni athu akufunika kukonzedwa. Koma kukonza kulikonse kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo si ndalama zokha. Wina amasamutsidwa, wina amataya makasitomala amene adawazolowera, pamene wina nyumba yake imakwera mtengo iye ali chigonere. Kodi tsono n'chilungamo kuti khonsolo itolere ndalama kwa munthu wosauka, n'kukonzera ndalamazo tauni imene wosaukayo sadzaloledwamo?

Tiyambe taona kumene ndalama za khonsolo zimachokera, popeza ambiri a ife timangoganiza kuti zonse zimachokera ku boma. Gwero loyamba ndi ndalama zimene khonsolo imatolera yokha: msonkho wa nyumba ndi malo, ziphaso za mabizinesi, chiphaso cha pamsika, ndi zolipira za m'madepoti ndi malo oimika galimoto. Gwero lachiwiri ndi boma. Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko imene tidaipatsa dzina lokoma loti Mphamvu ku Anthu. Ndondomekoyo idati boma lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene latolera. Gwero lachitatu ndi mayiko ndi mabungwe akunja, amene amabwera ndi ntchito zawo zosankhiratu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ndalama zambiri zochokera ku boma zimafika zitalembedwa kale ntchito yake. Izi ndi za zipatala, izi ndi za sukulu, izi ndi za ulimi. Khonsolo siingazipatutse kuti igulire mafuta a galimoto yotaya zinyalala. Motero ntchito za tsiku ndi tsiku za m'tauni, monga kusesa, kutaya zinyalala ndi kusamalira zimbudzi za pamsika, zimadalira kwambiri ndalama zimene khonsolo yatolera yokha. M'maboma ambiri, kumene kulibe nyumba zikuluzikulu zokhometsa msonkho, chiphaso cha pamsika ndicho chimodzi mwa zinthu zimene khonsolo imayang'anirako. Timapepala tija ta pakona pa chitenje si tachabe monga momwe timaonekera.

Apa mpamene pali chinthu chimene chimandivuta mumtima. Mayi wa tomato amalipira tsiku lomwelo, nthawi zina asanagulitse ndi mulu umodzi womwe. Sangapemphe kuti adzalipire pakutha pa mwezi, ndipo alibe loya. Akakana, dengu lake limatengedwa. Mwini nyumba yosanja amalandira kalata, amaiika m'kabati, ndipo akakumbutsidwa amapempha zokambirana. Makhonsolo a mizinda yathu akhala akudandaula poyera, chaka ndi chaka, kuti eni nyumba ambiri ali ndi ngongole za msonkho zakalekale, ndipo pa mndandanda wa angongolewo maofesi a boma lenilenilo sasowapo. Ndikunena izi ndi manyazi, popeza inenso ndine wa m'boma. Wokhulupirika pa kulipira ndiye amayamba kuchotsedwa, pamene wangongole amaitanidwa ku msonkhano wa mapulani n'kupatsidwa mpando wakutsogolo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu Epulo 2006 boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika lidalamula kuti mavenda onse achoke m'misewu ya m'mizinda, pa ntchito imene idatchedwa Dongosolo. Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba kumene ntchito, ndipo ndikukumbukira momwe ndidasangalalira. Kwa nthawi yoyamba munthu unkayenda m'mphepete mwa msewu osaponda nsapato za pakaunjika kapena mbale za munthu. Tonse tinkati tauni yapuma. Chimene sindidachiganizire nthawi imeneyo n'chakuti dziko lidalibe makhansala. Amene adasankhidwa m'chaka cha 2000 nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo chisankho china cha makhansala sichidachitike mpaka mu 2014. Kusintha kwakukulu kotere pa moyo wa m'tauni kudachitika popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'dera woti venda akamudandaulire. Misika ina idalipo yoti apiteko, koma malo adachepa, ndipo patapita zaka zochepa ambiri adabwerera kumene adachotsedwa. Kuyambira pamenepo takhala tikuthamangitsana nawo mpaka lero.

Anzathu a ku Zimbabwe adaona zoopsa koposa. Mu 2005 boma la kumeneko lidagwetsa nyumba ndi misika ya anthu osauka m'mizinda pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ponena kuti likuyeretsa mizinda. Nthumwi ya bungwe la United Nations, Mayi Anna Tibaijuka, idapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala, kapena popezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Sindikunena kuti zathu zidafika pamenepo ayi. Ndikungofuna tione kumene njira imeneyi imathera, ikakhala kuti mawu oti "kuyeretsa" ayamba kunena za anthu m'malo monena za zinyalala.

Komatu ndisakhale ngati woweruza amene wamva mbali imodzi. Amene amafuna kuti mavenda achoke m'misewu ali ndi mfundo zomveka, ndipo tiyenera kuzimva mofatsa. Pali mwini golosale amene amalipira lendi, chiphaso cha bizinesi ndi antchito, koma pakhomo pa golosale yake payalidwa katundu yemweyo pa mtengo wotsika. Pali munthu wosaona, kapena woyenda pa njinga ya olumala, amene amakankhidwira pakati pa msewu chifukwa njira yake yadzaza ndi malonda. Pali ambulansi imene imalephera kudutsa. Palinso matenda. M'zaka za 2022 ndi 2023 kolera idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Zakudya zogulitsidwa pambali pa ngalande yotsekeka si nkhani yoseka. Anthu onsewanso ndi eni tauni. Wonena kuti venda asakhudzidwe konse, zivute zitani, ndiye kuti nayenso wafufuta anthu ena pa mapu ake.

Choncho sindikunena kuti khonsolo ilibe ufulu wosamutsa munthu. Ngakhale kumudzi, mfumu imatha kuuza munthu kuti asunthe nkhokwe yake kuti padutse njira ya kumanda kapena ya kuchitsime. Koma taonani momwe mfumu yanzeru imachitira. Imaitanitsa bwalo, mwini nkhokwe amayankhula, amamuonetsa malo ena, ndipo tsiku losuntha anthu amabwera kudzamuthandiza kunyamula. Nkhokwe imasunthadi, koma mwini wake sachotsedwa m'kaundula wa mudzi. Vuto la matauni athu lagona pa kasunthidwe kake: mwini nkhokwe amamva za bwalo litatha kale, ndipo amene amabwera kudzamuuza ndi wapolisi.

Mzinda wa Lilongwe uli ndi phunziro kwa aliyense wojambula mapu. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, akatswiri adajambula mzinda watsopano, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu la dziko. Adamanga maunduna ku Capital Hill, ndipo chapafupi adaikapo malo amene adawatcha City Centre, kutanthauza kuti pamenepo ndiye pakati pa mzinda. Ndi malo okongoladi, a mitengo, mabanki ndi maofesi. Koma pitaniko Lamulungu masana, kapena tsiku lililonse dzuwa litalowa: kuli zii. Tsono tsikirani ku Old Town, kumene kuli depoti, msika waukulu, msika wa Tsoka ndi msewu wa Malangalanga. Kumeneko ndi kumene mzinda umapumira. Anthu mpaka adadzikhomera okha timilatho ta mitengo pa mtsinje wa Lilongwe, n'kumalipiritsa owoloka, chifukwa chakuti mapazi a anthu ankafuna kudutsa pamene mapu sadaikepo mlatho.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe muli anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo sakhala m'madera amene adajambulidwa ndi akatswiri. Amakhala ku Mtandire, ku Mgona, ku Chinsapo ndi kwina kotero, ndipo amalowa m'tauni pa minibasi, pa kabaza kapena wapansi. Msika umamera pamene anthu amenewa amatsikira. Mayi wa tomato sakhala pafupi ndi depoti chifukwa chokonda fumbi ndi utsi. Amakhalapo chifukwa amadziwa chinthu chimene katswiri uja sadachiwerenge: kuti munthu wotopa ndi ntchito sangayende mtunda wautali kukafuna tomato wa ndiwo za usiku umodzi. Ukam'mangira mayiyo msika wokongola kutali ndi mapazi a anthu, wam'patsa denga koma wam'landa nsima. Madzi saiwala khwawa. Adzabwerera ndithu, ndipo tidzamutcha wosamvera malamulo.

Katswiri wina wa nzeru zakuya wa ku America, John Rawls, m'buku lake la mu 1971 lonena za chilungamo, adapereka njira yoyesera ngati lamulo lili lolungama. Maganizo ake adali akuti wopanga malamulo aziwapanga ngati kuti sakudziwa kuti iye adzakhala yani m'dziko limene akulikonzalo, kaya wolemera kaya wosauka. Tiyese njira imeneyi pa msonkhano wathu uja. Tikadauzidwa kuti mawa tidzachita mayere, ndipo wina mwa ife adzadzuka ali mwini galimoto, wina mwini sitolo, wina mayi wa dengu pamutu ndi mwana kumsana, kodi kachigawo kaja tikadakapaka utoto wobiriwira mosavuta chotere? Ndikhulupirira kuti tikadayamba tafunsa kuti wa denguyo adzakhala pati. Makolo athu adalibe buku limeneli, koma nzeru yake adali nayo pamene ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndi umunthu womwe uja timaulalikira pamaliro ndi paukwati, koma timausiya pakhomo tikamalowa m'chipinda cha bajeti.

Ndipo bajeti ndiyo imaulula mtima wa khonsolo kuposa zoyankhula za patsiku lotsegulira chitukuko. Ndalama zikachepa, ndipo nthawi zonse zimachepa, pamafunika kusankha. Kodi tiyambe ndi maluwa a pa raundabauti kapena chimbudzi cha pamsika? Tiyambe ndi chipata chachikulu cholandirira alendo kapena ngalande imene imasefukira m'mashedi mvula ikagwa? Mtsogoleri amakopeka ndi chooneka, chimene angadulepo riboni ndi kujambulitsapo chithunzi. Ngalande ilibe riboni. Mpopi wa madzi pamsika, mgolo wa zinyalala ndi galimoto yozimitsa moto imene ili ndi mafuta sizibweretsa alendo olemekezeka, komatu ndizo zimapulumutsa moyo ndi mpamba wa anthu. Misika yathu yapsa kangati, anthu akuyang'ana katundu wawo akusanduka phulusa? Tauni yopakidwa utoto kumaso, kuseri kukununkha, ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mikangano yathu yambiri ya ndalama za chitukuko imakhala ya akuluakulu okhaokha. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lidayamba mu 2006. Mu 2010 lamulo lidasinthidwa, aphungu a Nyumba ya Malamulo n'kupatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti kuvota kumeneko, komanso kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka thumba lija, n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Nkhani zimenezi n'zofunika, sindikuzichepetsa. Koma pa zaka zonsezi takhala tikufunsa kuti agwire thumba ndani, phungu kapena khansala. Sitidafunse mokwanira kuti amene amaponyamo ndalama m'thumba la khonsolo tsiku ndi tsiku ali ndi mawu anji.

Nanga chilungamo chikufuna chiyani? Ine ndikuona zinthu zitatu, ndipo palibe chimene chikufuna ndalama za kunja. Choyamba, wokhudzidwa afunsidwe mapu asanajambulidwe. Kuitana anthu kudzaona mapu omalizidwa kale ndi kuwadziwitsa chabe. Kufunsa kwenikweni n'kupita pamsika nthawi imene eni ake angathe kuyankhula, m'chiyankhulo chawo, n'kumvanso amayi amene sakhala m'makomiti, kuli kotheka kuti zimene anene zisinthe mzere wina pa pepala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko; iwowo ndiwo akudziwa pamene madzi amadikha ndi pamene akuba amabisala.

Chachiwiri, malo atsopano akonzedwe munthu asanachotsedwe pa akale, ndipo akhale malo oti munthu angagulitsepodi, okhala ndi madzi, chimbudzi ndi anthu odutsa. Kagawidwe ka mabenchi kakhale poyera, chifukwa tonse tidamvapo za misika yatsopano imene mabenchi ake adathera kwa anthu a maina, amene pambuyo pake amabwereketsa kwa mavenda omwe aja pa mtengo wokwera. Chachitatu, ndalama zioneke kumene zapita. Pachipata cha msika uliwonse pakhale bolodi lonena kuti mwezi uno tatolera zakuti, ndipo zakuti zabwerera pamsika pano pa ntchito yakuti. Khama limene khonsolo imaonetsa potolera kwa wa dengu ilionetsenso kwa wa nyumba yosanja. Zikatero, khonsolo idzakhala ndi nkhope youzira venda kuti asunthe, ndipo vendayo akakana, mlandu udzakhala wake.

Pakuti nawonso mavenda ali ndi udindo, monganso ife ogula. Ufulu wokhala m'tauni umadza ndi ntchito yoisamala. Wotaya makoko a nthochi m'ngalande, womanga shedi pa njira ya madzi, wopatsa wotolera msonkho kangachepe kuti asadule tikiti, onsewa akuba za anzawo. Ifenso a mataye tisadzinamize. Masana timadandaula kuti mavenda aipitsa tauni, madzulo timatsitsa galasi la galimoto n'kugula nthochi pamsewu pomwepo, chifukwa tikuchita ulesi kulowa mumsika. Venda amakhala pamsewu chifukwa ife timagula pamsewu.

Ine amene ndikulemba zino ndidaphunzira sukulu ndi ndalama za mandasi. Mayi anga ankadzuka usikusiku kukazinga, n'kukakhala pambali pa msewu ndi beseni lawo. Fizi yanga ya ku sekondale, yunifolomu ndi sopo zidachokera m'beseni limenelo. Pa mapu a nthawi imeneyo, ndikhulupirira, pamene ankakhala mayi anga padalembedwanso kuti ndi malo opanda kanthu. Ndipo mwana wawo, ataphunzira ndi kuvala taye, adakhala m'chipinda chozizira, adaona utoto wobiriwira ukupakidwa pa amayi a anzake, n'kukhala chete poopa kuoneka wovuta pamaso pa akuluakulu. Mlandu umenewu sindingaukankhire kwa katswiri uja. Iye adali mlendo m'tauniyo ndipo mwina sankadziwa. Ine ndinkadziwa.

Ndidadutsanso m'tauni ija chaka chatha. Ndalama za ntchito yonse sizidapezeke, monga zimakhalira nthawi zambiri, koma amayi aja adachotsedwa ndithu ntchito isanayambe. Pamalopo adazunguliza waya, ndipo m'kati mwamera udzu wautali. Amayiwo ndidawapeza chapatali pang'ono, kuseri kwa depoti, pambali pa ngalande, maso ali tcheru kuyang'ana galimoto ya khonsolo. Mayi wachikulire uja sindidamuone, ndipo amene ndidawafunsa sadadziwe kumene adapita. Ndikadzaitanidwanso ku msonkhano wotere, ndipo ndikudziwa kuti ndidzaitanidwa, ndidzakweza mkono ndi kufunsa kuti pamalo opanda kanthuwo pali yani. Nanunso owerenga, amene mumakhala m'makomiti a m'madera, m'mipingo ndi m'maofesi, mukadzaona mapu okongola atapachikidwa pakhoma, mudzafunse funso lomweli musanaombe m'manja.